Masiku asanu a tchuthi: tipite ku Zanzibar kapena ku Likoma?

Funso: Ine ndi amuna anga tikukwanitsa zaka khumi tili m'banja mu Julayi muno. Tonse timagwira ntchito ku Lilongwe ndipo tapempha tchuthi cha masiku asanu, Lolemba mpaka Lachisanu. Ana tikawasiya kwa agogo awo. Bambo akunyumba akufuna ku Zanzibar chifukwa cha zithunzi zimene amaona pa Facebook, pamene ine mtima uli ku Likoma, kumene sindinapondeko chibadwire. Ndalama tasunga koma si zambiri, ndipo zili m'makwacha. Ine sindidziwa kusambira, komanso ndimachita nseru ngakhale m'basi. Tiyambire pati? — Mayi wa ku Lilongwe

Yankho: Amayi, zikomo chifukwa cha funso lanu, ndipo mafuno abwino pa zaka khumizo. Si masewera.

Mwandifunsa kuti mupite kuti, koma ine ndiyamba ndi limene simunafunse: mudzabwerako bwanji, ndipo tsiku lanji? Pa zaka zimene ndakhala ndikukonzera anthu maulendo a kunyanja, amene ndawaona akubwera nkhope zili zakugwa ambiri sanalakwitse posankha chilumba. Anakonza zopita n'kuiwala zobwerera. Kumtunda kuno malo akakutopetsani mumangoima pamsewu, minibasi ikupezani. Pachilumba mumachoka tsiku limene sitima, boti kapena ndege yafika, ndipo nyanja ikakalipa palibe bwana woilamula. Ndiye tengani kalendala, muchonge tsiku limene mukuyenera kupezeka pantchito, muyambire pomwepo kuwerenga chobwerera m'mbuyo. Tsiku limodzi lathunthu lisanafike la ntchitolo, mapazi anu akhale ataponda kale kumtunda.

Masiku anu asanu, mukaphatikiza Loweruka ndi Lamulungu la kumayambiriro ndi la kumapeto, akukwana 9. Koma chofunika kuwerenga n'chakuti mudzagona kangati pachilumbapo. Kugona kawiri ndi kungokasuzumira. Katatu ndi pamene thupi limayamba kuvomera kuti lilidi patchuthi. Kanayi ndiye mwapumadi. Muyeso wathu ukhale umenewu.

Tiyambe ndi Zanzibar ya abambowo, ndipo tiichitire chilungamo. Zithunzi zimene amaonazo sizinama. Mchenga ndi woyeradi ngati ufa, madzi ali mbee kuonekera pansi, ndipo Stone Town, imene bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse m'chaka cha 2000, ndi tauni yoti mutha tsiku lonse mukuzungulira m'tinjira take topanikizika osatopa kuyang'ana zitseko zosemasema. Madzulo anthu amasonkhana ku Forodhani kukadya nsomba zootcha m'mphepete mwa nyanja. Julayi ndi mwezi wabwino kumeneko, chifukwa mvula yaikulu imagwa kuyambira Malichi mpaka Meyi, yaing'ono cha mu Novembala ndi Disembala. Mmalawi safunika viza polowa m'Tanzania. Pasipoti ndi yokwanira, bola ikhale yotsala ndi miyezi isanu ndi umodzi isanathe.

Vuto lili pa mtunda ndi pa mtundu wa ndalama zanu. Mukati mupite pa basi, ndi Lilongwe, Mzuzu, Karonga, chipata cha Songwe, Mbeya, mpaka Dar es Salaam, ulendo wopitirira usana ndi usiku. Kenaka mukwere boti la maola pafupifupi awiri kuwoloka nyanja ya mchere. Kupita masiku awiri, kubwera masiku awiri, ndi nseru yanu ija m'njira monse. Mukati mukwere ndege kuchokera ku Kamuzu International Airport, nthawi mwaipulumutsa koma tikiti mtengo wake amawerengera m'madola. Malo ogona nawonso ndi madola, ndipo Julayi ndi Ogasiti ndi miyezi imene azungu a ku Ulaya amadzaza chilumbacho, mitengo n'kukwera. Kuyambira pa 1 Okutobala 2024 boma la Zanzibar linayambanso kukakamiza alendo ochokera kunja kugula inshuwalansi yake, imene linalengeza pa $44 munthu mmodzi. Inu mukudziwa mmene madola akuvutira m'mabanki mwathu muno, makamaka chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndalama yooneka yambiri m'makwacha imasungunuka ngati mchere ikangowoloka malire.

Palinso chimene zithunzi sizinena. Nyanja ya mchere imaphwa ndi kudzaza kawiri patsiku. Kum'mawa kwa chilumbacho, ku Paje ndi ku Jambiani, madzi akaphwa amathawira kutali kwambiri, n'kusiya ndere ndi miyala, ndipo munthu amene walipira chipinda choyang'ana kunyanja amangoona amayi akukolola ndere zawo. N'zokongola mwa mtundu wake, koma si zimene abambo anaona pa foni. Kumpoto, ku Nungwi ndi ku Kendwa, madzi sathawa motero, n'chifukwa chake kumadula. Tsiku limene mudzapite, mudzakumbukire zimenezi, komanso kuti eni dera ambiri ndi Asilamu, choncho m'tauni mapewa ndi mawondo zikhale zophimba.

Maganizo anga ndi awa: Zanzibar isungeni, mudzapite chaka chimene muli ndi madola m'manja ndi sabata yathunthu yokhala pachilumbapo. Ulendo uno pitani ku Likoma. Sindikukukonderani chifukwa ndinu mwandilembera ayi. Kalendala yanu ndi imene ikugwirizana ndi Likoma ngati kuti munachita kupangana.

Taonani. Sitima ya Ilala, imene inapangidwa ku Scotland mu 1949 n'kuyamba kuyenda panyanja yathu mu 1951, imazungulira kamodzi pa sabata pakati pa Monkey Bay ndi doko la Chilumba ku Karonga. Kwa zaka zambiri ndandanda yake yakhala yotere: imanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu, imadutsa pa Likoma Loweruka ikulowera kumpoto, n'kukafika ku Nkhata Bay usiku womwewo kapena mbandakucha wa Lamulungu. Pobwerera imanyamuka ku Nkhata Bay Lolemba usiku, imaima pa chilumba cha Chizumulu, n'kufika pa Likoma Lachiwiri m'mawa. Ndiye inu mukanyamuka ku Lilongwe Lamulungu, kudzera ku Kasungu ndi Mzuzu kapena msewu wa m'mphepete mwa nyanja wodzera ku Salima ndi Nkhotakota, mtunda wa makilomita pafupifupi 400, mugona ku Nkhata Bay, mukwera Lolemba usiku, mugona pa Likoma Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi ndi Lachisanu, Loweruka sitima yomweyo ikutengani kubwerera ku Nkhata Bay, Lamulungu muli pa basi ya ku Lilongwe. Kugona kanayi kuja kwakwana, pasipoti osafunika, dola osagula.

Koma apa ndi pamene pali mfundo yanga yoyamba ija. Ndondomeko imeneyi ikukufikitsani kunyumba Lamulungu madzulo, ntchito Lolemba m'mawa, popanda mpata uliwonse. Ilala si sitima ya alendo okha. Ndi msika woyenda, ndi lole ya anthu a m'zilumba: matumba a chimanga, simenti, malata, makreti a zakumwa, nsomba zouma, mbuzi, zonse zimakwera ndi kutsika padoko lililonse, ndipo kutalika kwa nthawi yoima kumatengera kuchuluka kwa katundu. Nthawi zinanso imaimitsidwa milungu ingapo kuti ikonzedwe, pakuti ndi gogo wa zaka zoposa 70. Choncho kapempheni kuntchito tsiku lachisanu n'chimodzi, Lolemba lotsatiralo. Mukafika bwino Lamulungu, mudzachapa zovala ndi kukatenga ana. Mukachedwa, simudzanamiza bwana kuti kwagwa maliro.

Pa nkhani ya malo okhala m'sitimamo, musaumire. M'munsi, m'kalasi yotchipa, mumadzaza anthu ndi katundu, mumatentha, ndipo fungo la usipa ndi dizilo kwa munthu wa nseru ndi chilango. Tengani tikiti ya pamwamba, pa deki, pomwe pamapita mphepo ndipo mutha kubwereka matiresi n'kugona mukuyang'ana nyenyezi. Pali tizipinda togona tochepa, timene timafunika kusungitsiratu. Popeza ndi chikondwerero cha ukwati, ngati thumba lilola tengani kachipinda popita, pobwerera mudzakhale pa deki. M'madoko ang'onoang'ono ngati pa Chizumulu sitima imaima patali ndi gombe, anthu n'kumatsikira m'maboti aang'ono, mwina n'kumaliza ndi kuponda m'madzi. Valani nsapato zosaopa madzi, foni ndi ndalama muzikulunge m'jumbo, ndipo chikwama chikhale chimodzi chobereka kumsana. Masutikesi a matayala aja ndi a ku bwalo la ndege.

Tsopano mwezi wanuwo. Julayi ndi pakati penipeni pa nyengo ya mwera, mphepo yochokera kummwera chakum'mawa imene imaomba kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti. Nyanja yathu ndi yaitali makilomita oposa 550, ndiye mphepo ikayamba kukankha madzi kuchokera ku Mangochi, pofika kumpoto mafunde amakhala atakula ngati a nyanja ya mchere. Sitima ya Vipya inamira pa 30 Julayi 1946 cha kumpoto kwa nyanjayi, anthu 145 n'kutsala momwemo. Ngakhale Bishopu Chauncy Maples, amene dzina lake mudzalimva kawirikawiri pa Likoma, anamira mu 1895 boti lake litagubuduzika ndi namondwe akupita kukayamba udindo wake pachilumbapo. Sindikunena izi kuti ndikuopsezeni. Ilala yadutsa m'mwera zaka zonsezi. Ndikunena kuti mudziwe chifukwa chake ndikukuletsani chinthu chimodzi: mu Julayi musakwere maboti a matabwa amene amawoloka pakati pa Nkhata Bay ndi Likoma, ngakhale atakuuzani kuti ndi achangu ndiponso otchipa. Pakati pamenepo pali makilomita pafupifupi 70 a madzi okhaokha.

Ine ndinaphunzira mochita kulipira. Chaka china mu Juni ndinati ndichenjere, ndisadikire sitima, ndinapangana ndi mwini boti lina kuti tinyamuke Lachinayi m'mawa chifukwa Lachisanu ndinali ndi msonkhano ku Mzuzu. Usiku wa Lachitatu mwera unayamba. M'mawa mwake mkuluyo anangoyang'ana nyanja, n'kuyang'ana ine, n'kunena kuti, "Achimwene, lero ayi." Ndinakwiya, ndinamuonjezera ndalama, anakana. Mphepoyo inaomba masiku atatu. Msonkhano unandiphonya, ndalama zinandithera, ndinadya kondowole wa ngongole kwa mayi wina wachifundo, ndipo pomaliza ndinakwera sitima yomwe ndinkaithawa ija. Lero ndikamukumbukira mwini boti uja ndimamuthokoza. Woyendetsa boti amene amadziwa kukana ndi amene muyenera kumufunafuna.

Kukanakhala kwa ine, tsiku la chikumbutso mukanalikondwerera kunyumba ndi keke ndi ana, ulendo n'kuusunthira kumapeto kwa Sepitembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala. Nthawi imeneyo mwera watha, nyanja yagona, madzi afunda ndipo ndi oyera, mvula isanayambe. Kumapeto kwa Okutobala ndi Novembala kumatentha moti masana simungayende, ngakhale kuti ndi pamene mango amayamba kupsa, ndipo Likoma ndi kwawo kwa mango. Koma ngati tchuthi chasainidwa kale ndipo sichisunthika, pitani mu Julayi momwemo, pa Ilala. Nyamulani juzi yokhuthala ndi bulangete laling'ono, chifukwa pa deki usiku kumazizira zoti simungakhulupirire kuti muli kunyanja.

Za nseru, pitani ku famase mukapemphe mankhwala oletsa kusanza paulendo, ndipo muwamwe ola limodzi musanakwere, osadikira kuti mutu uyambe kuzungulira. Ambiri amagonetsa, zimene pa ulendo wa usiku ndi phindu. Idyani pang'ono, zopanda mafuta. Khalani chapakati pa sitima pomwe sipagwedezeka kwambiri, panja popita mphepo, foni muisiye m'chikwama. Kukakhala kowala yang'anani kutali kumene madzi akumana ndi thambo, kukada gonani chagada mutseke maso. Ena amathandizidwa ndi kutafuna jinja. Ngati mukuona kuti zonsezi simungazithe, pa Likoma pali bwalo la ndege, ndipo ndege zing'onozing'ono zimatenga pafupifupi ola limodzi kuchokera ku Lilongwe. N'zodula, koma mabanja ena amapita pa sitima n'kubwerera pa ndege, zimene zimathetseratu nkhawa ya tsiku lobwerera. Kumbukirani kuti ndege zotere zimalola katundu wochepa, wa m'chikwama chofewa.

Nanga kumeneko mukapezako chiyani? Likoma ndi kachilumba ka masikweya kilomita pafupifupi 18, ndipo pamodzi ndi Chizumulu ndi boma palokha, laling'ono kuposa onse m'Malawi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 14,500 m'zilumba ziwirizi. Chodabwitsa n'chakuti zilumbazi zazunguliridwa ndi madzi a dziko la Mozambique. Mukaima kugombe la kum'mawa mapiri a ku Cobue mukuwaona pafupi ngati mungawaitane. Zinakhala mbali ya Malawi chifukwa cha amishoni a Angilikani a UMCA, amene anamanga likulu lawo pamenepo m'zaka za m'ma 1880, ndiye pogawana malire Angerezi sanalole kuti zipite kwa Apwitikizi.

Apa pali kanthu koti mukawanyengerere nako abambo. Amishoni omwewa asanafike pa Likoma likulu lawo linali ku Zanzibar, kumene Bishopu Edward Steere anayamba kumanga tchalitchi cha Christ Church mu 1873 pamalo pomwe panali msika wa akapolo. Atafika pa Likoma anachitanso chimodzimodzi. Tchalitchi cha St Peter's anachimanga pa Chipyela, malo amene kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Ntchito inayamba mu 1903, anachipatula mu 1911. Ndiye mukawauze kuti simukuwamana Zanzibar, mukuyamba mwakaona kaye mng'ono wake. Ndipo tchalitchicho, amayi, ngakhale mutakhala wa mpingo wina, chidzakusowetsani mawu. Mumachokera m'kanjira ka fumbi, pakati pa milambe ndi minda ya chinangwa, mwadzidzidzi kutsogolo kwanu kwaima chinyumba chotalika mamita pafupifupi 100, cha mawindo a magalasi amitundumitundu, chomangidwa pachilumba nthawi imene chilichonse chinkabwera pa sitima ya nthunzi kapena pamutu. Chimene ndondomeko ya Lachiwiri mpaka Loweruka ikukumanani ndi mapemphero a Lamulungu, ndipo ndikuvomereza kuti ndi kutaya kwakukulu, chifukwa kuimba kwa anthu a pa Likoma m'tchalitchi chimenecho ndi nkhani ina. Funsani ngati kwaya ikuphunzira nyimbo madzulo ena m'kati mwa sabata, mukakhale kumbuyo mumvetsere.

Masiku anayiwo musawadzaze. Anthu a m'tauni timatenga chizolowezi cha ku ofesi kupita nacho kutchuthi, ola lililonse likhale ndi chochita. Lachiwiri mufika otopa, gonani. Lachitatu pitani ku tchalitchi ndi kumsika wa ku Mbamba, pa kabaza wa njinga yamoto kapena wapansi m'mawa dzuwa lisanakwere, pakuti chilumba chonse m'litali n'chosapitirira makilomita 8 ndipo magalimoto ndi owerengeka. Lachinayi likhale la madzi. Lachisanu lisiyeni lopanda kanthu, ndipo mudzaona kuti ndi limene mudzalikumbuke kwambiri. Mukamva kuti kumudzi kwina kuli malipenga kapena chioda, siyani zonse mupite. Usiku khalani pagombe muone nyali za asodzi a usipa zitandandalika pamadzi ngati tauni yoyandama. Ku Chizumulu ulendo uno musawolokereko. N'kokongola, n'kwabata kuposa Likoma, koma kuonjezera chilumba chachiwiri ndi kuonjezera tsiku lobwerera lachiwiri. Ku Cobue nakonso ndi dziko la eni, pafunika pasipoti ndi chidindo.

Kusadziwa kusambira kusakudetseni nkhawa, koma muzikumbukira. Nyanja yathu ilibe kuphwa ndi kudzaza ngati ya mchere, ndipo pali magombe a mchenga amene madzi amazama pang'onopang'ono, poti mutha kukhala pansi madzi ali m'chiuno. Pa miyala ndiye posiyana. Phazi limodzi muli m'mawondo, lachiwiri pansi palibe. Pemphani laifi jaketi nthawi iliyonse imene mukukwera boti, ndipo muivale, osaikhalira. Mutavala jaketiyo, bwerekani galasi loonera pansi pa madzi, wina akugwireni dzanja, muviike nkhope pafupi ndi miyala. Mudzaona mbuna, tinsomba tabuluu, tachikasu, tamizeremizere, timene azungu amalipira ndalama zambiri kuti atisunge m'magalasi m'nyumba zawo. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi, ndipo Amalawi ambiri timangodziwa za m'mbale. Musanalowe m'madzi pamalo achilendo funsani eni dera ngati sipafika ng'ona. Safunsa anadya phula.

Pa zaumoyo pali ziwiri. Malungo kunyanja ndi ochuluka kuposa ku Lilongwe, choncho funsani ngati chipinda chili ndi neti yosabooka, dzolani mankhwala othamangitsa udzudzu madzulo, ndipo thupi likatentha pa ulendo kapena milungu iwiri mutabwerako, kayezetseni tsiku lomwelo. Pachilumbapo pali chipatala cha St Peter's, koma matenda aakulu amatumiza kumtunda, ndiye mankhwala amene mumamwa nthawi zonse, a BP kapena a shuga, nyamulani opitirira masiku a ulendo. Chachiwiri ndi likodzo. Tizilombo take timakhala mu nkhono za m'madzi odekha, a bango ndi udzu, pafupi ndi pomwe anthu amachapa ndi kusamba. Pewani malo otero. Ngati mwasamba m'nyanja, pakatha milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu pitani kuchipatala mukafotokoze, adzakuyezani kapena kukupatsani praziquantel molingana ndi kulemera kwa thupi lanu. Kumwa mankhwalawa tsiku lomwe mwabwerako n'kutaya, chifukwa sapha tizilombo tisanakhwime.

Malo ogona alipo a matumba osiyanasiyana. Kaya Mawa ndi ya apamwamba, mitengo yake ndi ya madola, ngakhale dzina lokhalo likukuuzani kale mmene nthawi imayendera pachilumbapo. Mango Drift ndi Ulisa Bay ndi zofikirika, ndipo cha ku Mbamba kuli maresitihausi wamba. Kwa inu ndingasankhe a pakatikati, oyang'ana kumadzulo kuti muziona dzuwa likulowa m'madzi. Poimba foni funsani zinthu izi mosachita manyazi: kodi pali mtengo wa Amalawi, popeza malo ambiri ali nawo koma satchula mukapanda kufunsa, kodi mtengowo ndi wa munthu mmodzi kapena wa chipinda, chakudya chili momwemo kapena ayi, adzakutengani padoko, ndipo sitima ikalephera kubwera, ndalama ya chikole adzabweza kapena adzasuntha masiku? Yankho la funso lomalizali likhale lolembedwa, ngakhale pa WhatsApp. Chikolecho tumizani ku akaunti ya dzina la loji, osati ku nambala ya munthu amene mwangomupeza pa Facebook. Akamberembere otsegula masamba abodza a malo ogona achuluka masiku ano.

Ndalama zanu muzigawe milu inayi. Woyamba wa mayendedwe onse, kuphatikizapo kugona ku Nkhata Bay popita ndi pobwerera, kumene anthu ambiri amaiwala kuwerengera. Wachiwiri wa malo ogona. Wachitatu wa chakudya ndi zosangalatsa. Wachinayi ine ndimautcha ndalama ya mwera: yokwanira kugona ndi kudya masiku awiri oonjezera, yosakhudzidwa mpaka mutaponda kumtunda. Ngati milu itatu yoyambayo ikudya wachinayi, tsitsani malo ogona, osati kuchotsa ndalama ya mwera. Nyamulani ndalama zambiri m'manja kuchokera ku Mzuzu kapena ku Nkhata Bay, zosinthasintha, muzigawe m'matumba a nonse awiri. Airtel Money ndi Mpamba zimagwira ntchito, koma ejenti wa pachilumba akhoza kukhala wopanda ndalama zokwanira tsiku limene mukuzifuna, ndipo netiweki ili ndi masiku ake. Zakumwa za m'botolo ndi zonse zochokera kumtunda ndi zokwera mtengo chifukwa zimabwera pa sitima. Nsomba ndiye ayi. Idyani za komweko, kampango, ncheni, utaka, usipa wofutsa, ndi kondowole. Ngati simunamuzolowere kondowole, yambani ndi mtanda umodzi masana, osati usiku woti mawa mukukwera sitima. Chakudya muziitanitsiratu m'mawa, chifukwa kukhitchini ya pachilumba nsomba ya nkhomaliro nthawi zina imakhala ikadali m'madzi.

Zotsalazo n'zazing'ono: chitupa cha unzika, tochi, power bank, chipewa, chitenje chimodzi kapena ziwiri zovala mukamadutsa m'midzi ndi polowa m'tchalitchi. Mukaona ngati utsi wakuda ukufuka pakati pa nyanja, sikuti chinachake chikupsa. Ndi nkhungu, tizilombo touluka timene timatuluka m'madzi, ndipo anthu a kunyanja amatiwola n'kupanga ndiwo.

Zikavuta, mwina mwaimba foni n'kumva kuti sitima ili pokonzedwa sabata imeneyo, musakakamire Likoma. Pali zilumba zapafupi zimene munthu wa ku Lilongwe angafikeko tsiku lomwelo. Kuchokera ku Senga Bay ku Salima, boti limakufikitsani pa Nankoma, chimodzi mwa zilumba za Maleri, musanayambe n'komwe kumva nseru. Ku Cape Maclear kuli Domwe, Mumbo ndi Thumbi, zonse m'kati mwa Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 n'kulowa pa mndandanda wa UNESCO mu 1984. Kugona pa zilumba zimenezi n'kodula chifukwa malo ndi ochepa, koma mutha kugona m'mudzi wa Chembe n'kumawoloka masana kupita ku Thumbi kukaona mbuna ndi nkhwazi zikuwakha nsomba. Pachipata cha paki Mmalawi amalipira zochepa kuposa mlendo wakunja, bola aonetse chitupa. Kumeneko kugona katatu n'kokwanira, ndipo kubwerera sikudalira sitima ya kamodzi pa sabata.

Sabata ino, musanalipire kalikonse, imbani ku ofesi ya sitima ku Nkhata Bay kapena ku Monkey Bay mufunse ngati Ilala ikuyenda sabata yanuyo, tsiku ndi ola lonyamukira ku Nkhata Bay, ndi tsiku limene idzadutse pa Likoma polowera kumpoto. Mukatero imbani ku loji mufunsenso zomwezo, chifukwa a pachilumba amadziwa za sitima kuposa pepala lililonse. Mayankho awiriwo akagwirizana, sungitsani chipinda, kenaka mukagogode kwa bwana za Lolemba lija. Mudzaimbenso kutatsala masiku awiri kuti munyamuke ku Lilongwe.